Momwe tinapezera katswiri wa boma woyeza madzi a sikimu yathu

Ndinali mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene anthu amangoitchula kuti VDC, pamene alimi a m'madimba a kwathu kuno ku Dedza anatopa ndi kuthirira mbewu ndi makheni, nagwirizana zopatutsa madzi a mumtsinje kuti aziyenda okha m'ngalande. Tinkaganiza kuti chimene tinkasowa ndi simenti basi, koma mlangizi wa zaulimi atawerenga kalata yathu yoyamba anatiuza kuti tisayambe ndi kupempha ndalama. Anati tilembe dzina la mtsinje, kukula kwa malo, chiwerengero cha mabanja, ndiponso ngati madziwo amaphwa m'chilimwe.

Kuchokera mu 1998, pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa, pempho lotere lili ndi njira yake. Tinalikambirana pabwalo la a gulupu, tinaliika pamndandanda wa zitukuko zimene mudzi ukufuna, kenaka tinakalipereka ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, kumene linapikisana ndi milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu ya midzi ina. Litavomerezedwa linapita ku khonsolo, kumene akuluakulu a nthambi za boma amaunika mapempho motsogozedwa ndi bwanamkubwa.

Katswiri wa ulimi wothirira anabwera mu Okutobala, ndipo ena anadandaula kuti wachedwa, osadziwa kuti anasankha dala nthawi imene mtsinje umakhala wochepetsetsa. Anavula nsapato, anatsekereza madzi ndi miyala kuti azidutsa pamalo amodzi, natchera ndowa uku akuyang'ana wotchi, ndipo anabwereza katatu. Atayezanso kutsetsereka kwa malo, anatiuza mosapsatira kuti madziwo angakwanire theka lokha la dimba limene tinkalingalira. Kunena zoona, mawuwo anatipweteka, koma akanapanda kunena tikanakumba ngalande yaitali imene kumapeto kwake sikukanafika ngakhale dontho.

Chovuta kwambiri chinali malo. Ngalande inayenera kudutsa m'munda wa gogo wina amene sanali m'gulu lathu, ndipo katswiriyo anakana kupitiriza ntchito popanda mgwirizano wolembedwa. Tinapita kwa gogoyo kangapo, mpaka ana ake atabwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo gogoyo anadinda chala pamaso pa amfumu titagwirizana zomupatsa gawo lake m'sikimumo.

Zotsala zinayenda mwachangu. Tinasankha komiti yoyang'anira madzi, tinalemba malamulo a kagawidwe kake, ndipo katswiri uja anatithandiza kulemba mafomu opempha chilolezo chogwiritsa ntchito madzi ku bungwe la boma loona za madzi la National Water Resources Authority, monga lamulo la za madzi la 2013 likufunira. Mchenga ndi miyala tinatuta tokha, ndipo a zankhalango anatiuza kuti tibzale mitengo ndi udzu wa vetiva kumtunda ntchito yomanga isanayambe. Pepala limene katswiri anajambulapo njira ya ngalande ndikulisungabe m'kaundula wa komiti, ndipo ndi limene timatulutsa wina akafuna kuboola khoma la ngalande kuti madzi alowe m'munda mwake.