Ulendo wa ku Indianapolis: buffer ndi sipuling'i pa mfuti za AR-9

Loweruka lapitali gulu lathu la owombera chandamale linanyamuka m'mamawa ku South Bend, kutsetsereka ndi msewu wa US 31 kukacheza kwa anzathu a kalabu ina kufupi ndi Indianapolis. Ambiri mwa ife timapikisana m'gawo la PCC (mfuti zazitali zowombera zipolopolo za pisitolo) pansi pa malamulo a USPSA, bungwe loyendetsa mipikisano yowombera ku America, ndi mfuti za AR-9 (zamtundu wa AR-15 koma za zipolopolo za 9mm) zolumikiza tokha, ndipo madandaulo anali atachuluka: bolt catch (kachitsulo kogwira bolt kumbuyo zipolopolo zikatha) kuthyokathyoka, utsi kumaso, kadontho kofiira kolozera chandamale kudumpha mfuti ikangolira. Lipotili ndi la inu amene munatsala.

Titafika, mfuti zonse zinayamba zafikira pa tebulo la safe area, pomwe chipolopolo sichiloledwa ngakhale kuchigwira. Mmisiri wa mfuti wa kalabuyo sanatitengere kowombera ayi. Anatulutsa sikelo ya kukhitchini, nati aliyense asolole takedown pin yakumbuyo, atulutse bolt (chitsulo choyenda chimene chimalowetsa chipolopolo ndi kutseka kumbuyo kwa mpope), adinikize kapini kogwira buffer (chitsulo cholemera chokhala m'chubu kuseri kwa bolt, patsogolo pa sipuling'i), ndipo bolt ndi buffer aziike pasikelo limodzi.

Chifukwa chake n'chakuti AR-9 zambiri ndi direct blowback. Pa AR-15 ya zipolopolo za 5.56 bolt ili ndi mano omwe amakhoma, koma kuno palibe chokhoma chilichonse. Wonga ukayaka, mphamvu imene ikukankha chipolopolo kutsogolo ikukankhanso chikhokhombe kumbuyo, ndipo 9mm wamba imaloledwa kufika 35,000 psi, ya +P (yamphamvu zowonjezera) 38,500. Chimene chimachedwetsa bolt kuti chipolopolo chiyambe chatuluka mumpope ndi kulemera kwa bolt ndi buffer pamodzi. Sipuling'i, bolt ili chitsekere, imakankha ndi mapaundi osafika 10, pomwe chikhokhombe chikubwera ndi masauzande. Ndiye amene amagula sipuling'i yolimba poganiza kuti igwira bolt amangotaya ndalama. Ntchito ya sipuling'i ndi kubweza bolt ndi kutola chipolopolo china m'magazini.

Muyeso umene anzathuwa amatsata ndi ma ounce 22 mpaka 24, bolt ndi buffer zikaphatikizidwa, kapena kuti magalamu 620 mpaka 680. Bolt za 9mm zambiri zimalemera pakati pa 14 ndi 16. Choncho bolt ya 15 imafuna buffer ya 7 mpaka 9. Mfuti zingapo za gulu lathu zinapezeka ndi buffer ya carbine wamba ya ma ounce 3, kutanthauza 18 zonse pamodzi. Ngakhale buffer ya H3, yomwe pa 5.56 timati ndi yolemera, imangopitirira pang'ono 5, mofanana ndi buffer yakale ya Colt ya 9mm ya 5.5. Eni mfuti zopepukazi anauzidwa kuti aonetse zikhokhombe zawo, ndipo umboni unali poyera: zakuda bii ndi mwaye mbali imodzi, zina zotupa mimba kumunsi pafupi ndi mkombero. Kutupako kumasonyeza kuti chikhokhombe chinayamba kusololoka mu chamber (malo a kumbuyo kwa mpope momwe chipolopolo chimakhala) mphamvu ikadali mkati. Chikadzang'ambika pamenepo, mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa zimatulukira pa ejection port (potulukira zikhokhombe) ndi m'magazini. Mapini a hammer ndi trigger othyoka nawonso kawirikawiri amachokera kwa bolt yothamanga mopyola.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa kutalika, chifukwa apa ndi pomwe ambiri tinali mumdima. Buffer ya carbine ndi yotalika mainchesi 3.25, yopangidwira chipolopolo chachitali cha 5.56. Cha 9mm n'chachifupi, ndiye ndi buffer imeneyi bolt imabwerera mopitirira kwambiri bolt catch. Pa chipolopolo chomaliza, bolt imakhala ndi mpata wothamanga isanagunde kachitsuloko, ndipo imakamenya mpaka kuthyoka. Mpata womwewo umalolanso chikhokhombe kugwera pansi pomwe pali trigger, mfuti n'kuuma gwa pakati pa siteji. Kuyeza kwake n'kosavuta. Mfuti ili yopanda kanthu, kokani charging handle (chogwirira chokokera bolt kumbuyo) mpaka pamapeto, musuzumire pa ejection port. Nkhope ya bolt iyenera kuima mamilimita 3 mpaka 5 kuseri kwa bolt catch. Mukaona mpata wolowa chala, mukufunika buffer ya mainchesi 4, kapena spacer (kachidutswa kodzaza mpata) pansi pa chubu cha buffer, kuseri kwa sipuling'i. Poyesera, anzathuwa amaponyamo ndalama zachitsulo za quarter (masenti 25), iliyonse yochindikala mamilimita 1.75, kuwonjezera imodziimodzi mpaka mpata utakwana, kenaka n'kugula spacer ya muyeso womwewo. Chenjezo lake: mukaika spacer yaitali ndi sipuling'i yaitali, sipuling'i itha kupanikizika yonse mphira wa kumchira kwa buffer usanafike pansi. Ikatero imapindika ndi kufa msanga. Muyeneranso kutsimikiza kuti hammer ikukola bwinobwino mukakoka ndi dzanja trigger ili chidinikizire.

Kenaka mmisiri uja anatigwedezetsa buffer iliyonse pafupi ndi khutu. Ina imalira gobedegobede, ina ili zii. Yolirayo ili ndi zitsulo zoyenda mkati, za steel kapena tungsten, zokhala ndi timphira pakati. Ya zii ndi chitsulo chimodzi cholimba. Bolt ikagunda kumbuyo kwa mpope potseka, imanjanja ngati munsi mumtondo wopanda chimanga, n'kubwerera pang'ono. Zitsulo zoyenda zija zimafika mochedwerako ndipo zimaikhomerera pomwepo. Kwa wowombera pang'onopang'ono kunjanjaku sikuoneka, koma pa mpikisano, pomwe kuwombera kuwiri kumatsatizana mosapuma, hammer itha kugwa bolt isanakhazikike. Zotsatira zake ndi chipolopolo chosalira, kapena choipitsitsa, kulira chamber isanatsekeke. Tinajambula ndi foni pa mafulemu 240 pa sekondi, ndipo pa buffer yolimba kunjanjako kunkaoneka ndi maso. Pakati pa buffer yolimba ya ma ounce 8 ndi ya zitsulo zoyenda ya 7.5, ife tikuti tengani yachiwiriyo.

Za sipuling'i sizinatenge nthawi. Ya carbine wamba ndi yokwanira, bola ikhale pakati pa mainchesi 10 ndi 1/16 ndi 11 ndi 1/4 mukaigoneka patebulo. Ikafupika kuposa apo yatopa. Ya .308, imene ambiri amaikamo, imabweza bolt mwaukali: mfuti imagwetsa mphuno potseka, kunjanja kumakula, ndipo nthawi zina bolt imafika magazini isanakweze chipolopolo.

Masana tinapita kowombera, magalasi kumaso, zotseka m'makutu. Lamulo linali kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, zipolopolo zikhale zomwezo. Kuyesa koyamba: chipolopolo chimodzi m'magazini, chofooka kwambiri mwa zomwe mumagwiritsa ntchito, mfuti osaikanikiza kwambiri paphewa. Bolt ikatsalira kumbuyo, ulendo wake ukukwanira. Ikatseka, mwina mwalemeretsa kapena sipuling'i yauma, ngakhale muyambe mwayesa magazini ina musanaimbe mlandu buffer. Kuyesa kwachiwiri: kuwombera kuwiri kotsatizana pa mayadi 15, wina akujambula mpope cham'mbali. Mphuno ikamakwera ndi kumenya phewa mwamphamvu, bolt ikugunda pansi pa chubu ndi liwiro lalikulu, onjezani kulemera. Ikamagwa pansi potseka, chepetsani sipuling'i kaye.

Chronograph, makina oyezera liwiro la chipolopolo, inatikumbutsa kuti zipolopolo nazo zili m'nkhani yomweyi. PCC imangofuna power factor ya 125, yomwe ndi kulemera kwa chipolopolo mu ma grain kuchulukitsa ndi liwiro mu mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1,000. Cha 147 pa liwiro la 900 chimapereka 132. Cha 115 cha m'sitolo, mumpope wa mainchesi 16, chimatha kufika 1,300, pafupifupi 150, mphamvu yongovutitsa phewa. Mfuti yochunidwa pa zofewazo musaiike +P musanaonenso zikhokhombe.

Pa short stroke sitinamvane. Achangu a kalabuyo amafupikitsa ulendo wa bolt mpaka siifikanso pa bolt catch, ndipo kadontho kawo kamakhazikikadi msanga. Koma magazini imakhala ndi kanthawi kochepa kokweza chipolopolo, ndipo bolt siitsaliranso kumbuyo zikatha. Kwa oyamba kumene, ife sitikulimbikitsa. Amene ali ndi CMMG ya radial delayed, JP-5 kapena SIG MPX, manambala a m'lipotili si anu, popeza mfuti zimenezo zili ndi njira yakeyake yochedwetsera kapena kukhoma bolt. Tsatani za wopanga.

Gulu lagwirizana kugula sikelo, caliper ndi ma spacer angapo oti azikhala m'bokosi la kalabu. Pa tsiku lathu lowombera likubwerali, aliyense wa AR-9 abwere ndi zikhokhombe za mfuti yake m'kapepala kolembedwa mtundu wa zipolopolo, ndipo tidzayambira pasikelo.