Akuti zachipatala ndi zaulere, nanga amalipira ndani?

Munthu akangoposita pa Facebook kuti wapita kuchipatala cha boma nde amuuza kuti mankhwala kulibe akagule ku famase, makomenti ake mumawadziwa kale. Wina atukwana manesi, wina akuti onse ovala zoyera ndi akuba, wina wabweretsapo za chipani, mawa lake tonse tayiwala tili pa za mpira. Chimene chimandivuta ine n'choti timakalipira munthu amene ali pawindo lamankhwala, chonsecho munthu ameneyo ndalama yogulira mankhwalawo sanaigwirepo ngakhale tambala, iye amangolandira makatoni amene afika, akapanda kufika basi palibe chimene angachite. Ndiye lero ndati tiitsatire ndalamayi kuti imachokera kuti ndipo imadzera kuti, chifukwa ukaitsatira, zambiri zimene timangoti ndi nkhanza za anthu zimayamba kuoneka mwina.

Kaye kakonzedwe kake, mwachidule. Pansi penipeni pali alangizi a zaumoyo aja timawati ma HSA, amene amayenda m'midzi, kuchititsa sikelo ya ana, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'zitsime kukabwera kolera. Pamapepala mlangizi mmodzi amayenera kuona anthu 1,000, koma pitani kumudzi mukafunse kuti wanu amaona midzi ingati. Pamwamba pawo pali ma health centre, kenako chipatala chachikulu cha pa boma, kenako zipatala zinayi zikuluzikulu, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, kuphatikizapo cha amisala cha ku Zomba. Munthu umayenera kukwera masitepe amenewa ndi kalata, osati kungodzuka n'kulunjika ku Queens chifukwa cha chimfine. Koma tangoganizani, Blantyre yonse ija ilibe chipatala chake cha pa boma ngati mmene ilili Thyolo kaya Chiradzulu, nde wa ku Ndirande kaya Bangwe matenda akakula pang'ono apita kuti? Queens yomweyo, imene imayenera kulandira odwala ovuta a chigawo chonse cha kummwera. Mukamaona anthu agona pansi m'mawodi, china n'chimenecho.

Ndipo amene akunyamula ntchito yaikulu m'maboma si madokotala enieni aja a digiri, ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant. Sukulu yathu yaudokotala, College of Medicine, inangotsegulidwa mu 1991, pano ili pansi pa KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Azimayi ambiri amene anachitidwa opaleshoni pobereka m'maboma muno anang'ambidwa ndi clinical officer, ndipo ife timangoti adokotala, ndipo ine sindikuona vuto, anthu amenewa asunga mtundu.

Tsopano ndalama. Mukaphatikiza zonse, za boma, za ma donor, ndi zimene timatulutsa m'thumba tokha, zimene zimagwiritsidwa ntchito pa umoyo wa M'malawi mmodzi pachaka zimazungulira pa madola 40 a ku America. Chaka chonse abale, osati mwezi. M'menemo ndi mmene muli malipiro a nesi, mafuta a ambulansi, magulovu, phala la odwala, ma ARV, magetsi a ku mochale, chilichonse. Ndipo pa ndalama imeneyo, yoposa theka si yathu, imachokera kunja. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa anasainirana ku Abuja kuti dziko lililonse liziika 15 peresenti ya bajeti yake ku zaumoyo, ife zaka zambiri timalephera kufikapo, ndipo ngakhale titafikapo, 15 peresenti ya kabajeti kakang'ono imakhalabe yaying'ono, chimenechi andale sakonda kuchitchula akamalonjeza pa msonkhano.

Koma vuto si kuchepa kokha ayi, ndi kabweredwe kake. Ndalama ya ma donor siibwera n'kulowa mu thumba limodzi kuti unduna uone pofunika. Imabwera italembedwa kale ntchito. Global Fund ndi ya Edzi, TB ndi malungo. PEPFAR ya aku America ndi ya Edzi. Gavi ndi ya katemera. Zili ngati pakhomo pamene amalume a ku Joni amatumiza ya fizi yokha, azakhali ya feteleza yokha, ndipo aliyense akufuna risiti yake, koma palibe amene akutumiza ya ndiwo. Nde chifukwa chake mumapeza pa health centre yomweyo, chipinda cha ma ARV chili bwinobwino, kompyuta ilimo, mankhwala ali m'mashelefu, LA wa malungo alipo, koma agogo a BP kaya a shuga akuuzidwa kuti kagwereni ku famase. Si kuti nesiyo akukondera. Mankhwala awiriwo anagulidwa ndi anthu osiyana, ndipo nthawi zambiri anabweranso pa malole osiyana.

Apa ndinene chilungamo, ndalama zolembedwa ntchitozi zapulumutsa anthu osawerengeka. Amene tinalipo m'ma 1990 tikukumbukira maliro a tsiku ndi tsiku aja, mashopu a mabokosi atandandalika m'mbali mwa msewu. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi ndi amene anayambitsa njira ija ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pompo kwa moyo wonse osadikira kuyeza chitetezo, mayiko ena anadzatengera kwa ife. Ndiye si kuti nzeru tilibe. Kungoti pafupifupi ndalama yonse ya mankhwala amenewa ndi ya eni ake, ndipo tinaona mu January 2025 Trump atangolowa n'kuimitsa thandizo lakunja, mmene mitima inakwerera m'mwamba, anthu amene timangowaona m'zipatala tikumaganiza kuti ndi aboma, owerengera mankhwala, olemba mu kompyuta, oyendetsa magazi panjinga yamoto kupita nawo ku labu, zinadziwika tsiku limenelo kuti malipiro awo amachokera ku Washington.

Mwina mufunsa kuti bwanji ma donor osangopereka ku boma basi. Ankapereka. Kuyambira 2004 panali dongosolo lija ankaliti SWAp, loti ndalama ziziponyedwa pamodzi unduna uziyendetsa, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene aku Britain ndi Global Fund anathandiza kukweza malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti kuti manesi asiye kuthawira ku UK. Kenako 2013 kunabwera Cashgate, anthu akupezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto, ma donor anangotseka mpopi wopita ku Treasury n'kuyamba kudzera m'mabungwe awo. Amene anaba ndalama zija ena anamangidwa, ena anatuluka kale, koma chilango chenicheni anachisenza ndi wodwala wa ku Nsanje amene Capital Hill sanaionepo n'komwe.

Nanga mankhwala wamba aja, amoxicillin, panado, a BP, ma dripu, ulusi wosokera mabala? Amenewo ndi a boma lathu, kudzera ku Central Medical Stores Trust. Kayendedwe kake nkoti chipatala cha pa boma chimaitanitsa, Medical Stores itumize, koma ndalama yambiri ya mankhwala ya maboma siipita m'manja mwa chipatalacho, imasungidwa ku National Local Government Finance Committee, amenewo ndi amene amalipira. Treasury ikachedwa kutulutsa, Medical Stores imakhala ndi ngongole kwa amene amaigulitsa, iwo aleka kubweretsa, mashelefu ayera. Onjezanipo za forex, poti pafupifupi mankhwala onse timagula kunja, ku India makamaka, ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, bajeti ya mankhwala pamapepala inali yomweyo kaya kukwera pang'ono, koma makatoni amene ingagule anachepa usiku umodzi. Kuba kulipo, sindikubisa, mankhwala aboma amapezeka m'misika ndi m'tima kiliniki tam'makwalala, unduna mpaka unakhazikitsa gulu lofufuza zakuba mankhwala. Koma ngakhale mutamanga akuba onse lero, amene akugulidwawo sangakwanirebe.

Chinanso chimene ambirife sitidziwa n'choti chipatala cha pa boma panu sichili pansi pa nduna mwachindunji monga timaganizira. Chiyambire lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, mphamvu zinayamba kupita ku makhonsolo, ndipo mkulu wa zaumoyo pa boma, uja tinazolowera kumuti DHO, amayankha kwa DC. Ndalama yoyendetsera zinthu mwezi ndi mwezi, imene iwo amaiti ORT, ndi imene imagula mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, kulipira madzi ndi magetsi, kukonza jenereta. Ikabwera yoperewera kaya mochedwa, mkuluyo amakhala pansi n'kusankha chofa, odwala azidya kamodzi patsiku kapena ambulansi iime. Mlamu wanga atadwala kumudzi anauzidwa pa health centre ina kuti galimoto ilipo koma mafuta mulibe, achibale asonkhe, ndipo tinasonkha, tikanatani. Pamenepo ndi pamene mawu oti zaulere amandiseketsa, chifukwa ukawerengera mafutawo, thiransipoti ya gadiyani, nkhuni ndi ufa wophikira ku shelter, mankhwala a ku famase, ndi masabata amene gadiyaniyo wasiya munda, banja lagulitsa mbuzi kale.

Ndiye khansala wanu ndi phungu wanu, amene amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo pamene zimenezi zimakambidwa, munawafunsapo kuti ORT ya chipatala yabwera zingati mwezi uno? Ife timawafunsa za bokosi la maliro ndi jezi za timu.

Tisaiwale amishoni. Zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Mlambe ku Lunzu, Mua, Malamulo, zimanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yachipatala m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene boma silinamange kanthu. Ku Likoma chipatala chachikulu ndi St Peter's cha Anglican. Malipiro a ogwira ntchito ku CHAM amalipira ndi boma, kutanthauza misonkho yanu ndi yanga, koma wodwala akafika amalipirabe, chifukwa mankhwala ndi zina amagula okha. Ndiye pali kupanda chilungamo kwina kwake apa, anthu awiri onse ndi Amalawi, onse amadulidwa VAT akagula zinthu m'sitolo, wina anabadwira pafupi ndi cha boma salipira, wina anabadwira pafupi ndi cha mishoni alipire. Pofuna kukonza zimenezi kuyambira cha m'ma 2006 panabwera mapangano aja a SLA, oti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere ku mishoni, bilu ipite ku boma. Zikamayenda zimathandizadi, azimayi amachuluka kukachira kuchipatala. Koma bilu ija ikakhala miyezi osalipidwa, amishoni nawo alibe pogwira, amaimitsa pangano n'kuyambiranso kulipiritsa, ndipo mayi amene alibe ndalama akachirira pakhomo, kumene azamba analetsedwa mu 2007 ndipo m'midzi yambiri amfumu anaika chindapusa cha mbuzi kaya nkhuku kwa wochirira kunyumba. Boma lachedwa kulipira, wolipitsidwa ndi mayiyo.

Pano nkhani imene imabwerabwera ndi ya mawodi olipira ndi inshuwalansi ya dziko lonse. Ena amati tingotengera Rwanda ndi inshuwalansi yawo ija ya mutuelle, kapena Ghana imene inayamba yawo mu 2003, ngakhale aneba athu a ku Zambia ali ndi NHIMA tsopano, amadula pa malipiro. Ine sindikukana, koma tiyang'ane anthu athu. Amene ali pa ntchito yolembedwa, oti ungawadule pa payslip, ndi ochepa zedi, ambiri mwa iwo ali kale pa inshuwalansi ya MASM ndi ena otero ndipo akadwala amathamangira ku Mwaiwathu kaya ku Adventist. Unyinji ndi alimi amene ndalama amaiona kamodzi pachaka akagulitsa fodya kaya soya. Kutolera kandalama kwa aliyense wa amenewa kungadye ndalama yambiri kuposa imene mungatolere, ndipo amene alephere kulipira ndi yemwe uja amadwala kwambiri. Kwa ine njira yooneka ndi misonkho yomwe tikudulidwa kaleyi, kaya kuikapo ina pa mowa, fodya ndi zakumwa za shuga, koma ilembedwe m'lamulo kuti ikupita ku mankhwala, ndipo mwezi uliwonse pakhoma la chipatala chilichonse pamatidwe pepala loonetsa zimene zabwera ndi zimene zagulidwa, komiti ya anthu akumudzi ija imene imasainira mankhwala akafika iziwerenga.

Za mawodi olipira ndili pakati. Ndikumva mfundo yake, wa ndalama alipire, chipatala chipeze kogulira magulovu a onse. Mantha anga ndi oti dokotala ndi yemweyo, makina a X-ray ndi omwewo, theatre ndi imodzi yomweyo, nde ngati palibe woyang'anira, mzere wa osalipira uzingotalika uku wa olipira ukuyenda. Ndipo amene amapanga ziganizo zimenezi sagona m'mawodi onse awiriwo, iwo mutu ukangowawa akwera ndege wa ku South Africa kaya India, pena pa ndalama ya boma yomweyi. Ndikanakhala ine wolemba malamulo, ndikanayambira pamenepo, nduna, phungu ndi mlembi wamkulu wa unduna (PS) aliyense pamodzi ndi banja lake azilandira thandizo pa chipatala cha boma cha kwawo, ndi kabuku kakuchipatala m'manja ngati tonsefe, tione ngati ORT ingachedwenso miyezi iwiri.