Lachinayi: Sitepe ya Pakati pa 511 ndi 512

Ndinadzuka kusanache bwino, ndipo ndisanateleke madzi a tiyi ndinayamba ndatsegula laputopu kuti ndione zotsatira za simulation imene ndinaisiya ikuyenda usiku wonse. Sabata ino ndi yachitatu chiyambire kukonza DAC ya mabit 10, yomwe ndikufuna kuti idzalowe m'chip yopangidwa ndi SKY130, njira yopangira machip ya kampani ya SkyWater. Ntchito ya DAC ndi kulandira nambala kuchokera ku mbali ya digito ya chip n'kutulutsa voltage yolingana ndi nambalayo. Mabit 10 amapereka manambala 1,024, kuyambira pa 0 kufika pa 1,023, ndipo popeza Vref yanga, voltage imene DAC imaigawa m'masitepe, ndi 1.8 V, nambala ikakwera ndi 1 voltage iyenera kukwera ndi 1.76 mV yokha. Sitepe yaing'ono imeneyi ndiyo LSB, ndipo cholakwika chilichonse pa ntchito imeneyi timachiyeza ndi iyo.

Ndinali nditalamula ngspice, pulogalamu yoyesera circuit pa kompyuta, kuti ibwereze kuyesa maulendo 200 mwa njira ya Monte Carlo, kutanthauza kuti pa ulendo uliwonse imasokoneza pang'ono kukula kwa resistor ndi transistor iliyonse monga momwe zimachitikira ku fakitale. Mzere wa voltage unkaoneka wowongoka bwino ukauyang'ana wonse pamodzi, koma nditajambula DNL, yomwe imaonetsa kutalika kwa sitepe iliyonse payokha, pakati penipeni panatuluka msonga wautali. Pochoka pa 511 kupita pa 512 sitepe inali yosiyana kwambiri ndi zinzake, ndipo pa maulendo angapo voltage inkatsika m'malo mokwera. Zimenezi zinandidetsa nkhawa chifukwa DAC yotere ikaikidwa m'dongosolo lodziwongolera lokha, monga loyang'anira kutentha, dongosololo likapempha kuti voltage ikwere pang'ono limalandira yotsika, ndipo limatha kumangozungulira pamalo amodzi osakhazikika.

Chifukwa chake ndinkachidziwa kuchokera m'kalasi, koma lero ndi pamene ndinachiona pa ntchito ya manja anga. DAC yangayi ndi ya makwerero a R-2R: bit iliyonse ili ndi mwendo wa 2R, resistor yoposa R kawiri, umene swichi imaulumikiza ku Vref kapena ku ground, ndipo pakati pa miyendoyo pali maresistor a R amene amachititsa kuti mwendo uliwonse ukhale ndi theka la mphamvu ya mnzake wapamwamba. Nambala 511 m'binary ndi 0111111111, pamene 512 ndi 1000000000. Apa mabit 9 onse ang'onoang'ono amazima nthawi imodzi, ndipo bit imodzi yaikulu imayaka kuti inyamule zonse zimene anzake ananyamula n'kuwonjezerapo LSB imodzi. Zili ngati sikelo ya miyala: wachotsa miyala isanu ndi inayi yolemera magalamu 511 pamodzi, waikapo mwala umodzi umene uyenera kulemera magalamu 512 ndendende. Mwalawo ukaperewera ndi galamu imodzi sikelo siisuntha, ndipo ukaperewera ndi awiri imabwerera m'mbuyo. Choncho mwendo waukulu uyenera kufanana ndi makwerero onse otsala mosaphonya kuposa gawo limodzi mwa magawo 512, omwe ndi pafupifupi 0.2 peresenti.

Pa silicon palibe amene angakulonjeze kuti resistor imene waijambula kuti ikhale ya ma ohm 10,000 idzatulukadi yotero. Ikhoza kukwera kapena kutsika kwambiri malinga ndi wafer, chimbale cha silicon chimene chip yapangidwapo. Koma zimenezo sizivutitsa makwerero, malinga ngati maresistor onse akwera kapena atsika limodzi. Chovuta ndi kusiyana kwa awiri oyandikana amene anajambulidwa mofanana. A Marcel Pelgrom ndi anzawo a ku Philips Research ku Eindhoven anafotokoza mu 1989 kuti kusiyana kwa mwangozi kwa matransistor awiri kumachepa motsatira square root ya malo amene atenga, ndipo lamulo lomweli timaligwiritsanso ntchito pa maresistor. Tanthauzo lake ndi lowawa kwa wokonza: kuti uchepetse kusiyanako ndi theka, uyenera kupereka malo ochuluka kanayi. Ndinatenga pepala n'kuwerengera malo amene ndingafune ngati nditangokulitsa maresistor onse, ndipo ndinaona kuti makwerero okha adzadya gawo limene ndinasungira buffer, circuit yolimbitsa voltage yotuluka mu DAC.

Ndikuwerengera choncho ndinazindikira chinthu china chimene ndinachipeputsa sabata yatha. Mwendo wanga wa 2R ndi wa ma ohm 20,000, ndipo 0.2 peresenti ya nambala imeneyi ndi pafupifupi ma ohm 40. Swichi nayo ndi transistor, ndipo ikayaka imakhala ndi resistance yake. Yolumikiza ku ground ndi NMOS, yolumikiza ku Vref ndi PMOS, ndipo PMOS ya kukula kofanana imakhala ndi resistance yokulirapo chifukwa ma hole, amene amanyamula current mu PMOS, amayenda pang'onopang'ono kuposa ma electron a mu NMOS. Ndinali nditakulitsa PMOS kuti ziwirizi zifanane pa kutentha kwa m'chipinda, koma nditayesa ma corner ena, oyerekeza zimene fakitale ingatulutse, pamene mtundu umodzi watuluka wofulumira wina wochedwa, kusiyana kwake kunadutsa ma ohm 40 aja mosavuta.

Cha m'ma 10 koloko ndinalankhula pa intaneti ndi aphunzitsi amene amandiwongolera pa ntchitoyi. Nditawaonetsa chithunzi cha DNL sanadabwe. Anandifunsa kuti, "Kodi n'chifukwa chiyani mwasenzetsa mwendo umodzi theka la katundu yense?" Ndinayankha kuti, "Aphunzitsi, ndimafuna kuti ndisawonjezere logic." Iwo anandilangiza kuti ndigawe mabit atatu apamwamba n'kuwasandutsa thermometer code. M'malo mwa miyendo itatu yolemera 512, 256 ndi 128, pakhale miyendo 7 yofanana, uliwonse wolemera 128, yomwe imayaka umodziumodzi nambala ikamakwera, ndipo umene wayaka suzimanso mpaka nambala itatsika. Mabit 7 otsalawo akhalebe pa makwerero a R-2R. Ndikatero, sitepe yoopsa kwambiri imakhala pamene 127 ikuzima ndipo 128 ikuyaka, ndipo malire a kusiyana amafutukuka kuchoka pa 0.2 kufika pafupifupi 0.8 peresenti. Koma anandichenjeza kuti ndisasangalale mopitirira, chifukwa kugawa kotereku kumachiza DNL yokha. INL, yomwe imayeza kutalikirana kwa mzere wonse ndi mzere wowongoka, imadalirabe malo onse amene ndapereka kwa maresistor, ndipo ndiyenera kuiyang'ana payokha.

Ndikudya nkhomaliro maganizo anga anapita ku Eindhoven komweko, chifukwa vuto limene landisowetsa mtendere pa mabit 10 anthu a kumeneko analimbana nalo pa mabit 14 zaka zoposa 40 zapitazo. A Rudy van de Plassche anafalitsa mu 1976 njira yotchedwa dynamic element matching, imene imasinthanitsa mofulumira zigawo zosafanana kuti pa avareji zifanane, ndipo njirayi inalowa mu TDA1540, DAC ya mabit 14 ya Philips. Pamene Philips ndi Sony anagwirizana kuti CD ikhale ya mabit 16 pa 44.1 kHz, Philips inalibe DAC ya mabit 16 yokonzeka, choncho m'makina ake oyamba inayendetsa TDA1540 mofulumira kanayi, pa 176.4 kHz, n'kukankhira phokoso ku ma frequency amene khutu silimva. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani imeneyi n'chakuti iwo anavomereza kuti zigawo za pa silicon sizidzafanana, ndipo anakonza circuit imene imapereka yankho lolondola ngakhale zili choncho. Malangizo a aphunzitsi anga m'mawa uja ndi a mtundu womwewo, ngakhale kuti ndi a pa ntchito yaing'ono.

Masana ndinajambulanso schematic, chithunzi cha malumikizidwe a circuit, mu pulogalamu ya Xschem. Decoder yosandutsa mabit atatu kukhala mizere 7 sinanditengere nthawi. Chimene ndinachisamalira ndi nthawi yoyakira maswichi, chifukwa mizere yodutsa mu decoder imafika mochedwa poyerekeza ndi mabit apansi, ndipo m'kanthawi kameneko DAC imaona nambala yolakwika n'kutulutsa glitch, kulumpha kwa voltage kwa kanthawi kochepa. Ndinaika flip-flop, yomwe imasunga bit mpaka clock itagunda, patsogolo pa swichi iliyonse, zonse 14 pa clock imodzi. Panapezekanso phindu limene sindinaliyembekezere: makwerero akale anali ndi output resistance ya ma ohm 10,000, koma tsopano pali nthambi 8 za ma ohm 20,000 zokumana pamalo amodzi, zomwe zikupereka ma ohm 2,500. Kuti voltage ikhazikike mkati mwa theka la LSB pa mabit 10 pamafunika ma time constant (resistance kuchulukitsa ndi capacitance ya katundu) pafupifupi 7.6, ndiye pa katundu wa 10 pF nthawi yatsika kuchoka pa 760 ns kufika pa 190 ns. Mtengo wake ndi wakuti Vref tsopano ikukokedwa current yochuluka, ndipo current imeneyo imasintha malinga ndi nambala.

Nthawi yambiri ya tsiku inathera mu Magic, pa layout, kujambula mmene zigawo zidzagonere pa silicon. Pulogalamu imeneyi inayambira ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndimayamikira kuti kuyambira mu 2020, pamene Google ndi SkyWater anatsegula PDK ya SKY130, mafayilo a malamulo ndi zigawo za fakitale, kwa aliyense, munthu akhoza kujambula chip yeniyeni pa laputopu yake osagula laisensi. Ndinapanga resistor imodzi ya polysilicon yoimira R, ndipo paliponse pofunika 2R ndinalumikiza ziwiri zotero motsatizana, chifukwa resistor imodzi yotalika kawiri siikhala ndi ma contact ochuluka kawiri, ndipo kusiyana kumayambira pomwepo. Onse ndinawagoneka moyang'ana mbali imodzi, motalikirana mofanana. Kumapeto kwa mzere, uku ndi uku, ndinaikako maresistor a dummy osagwira ntchito, kuti resistor yakumapeto ikhale ndi woyandikana naye mbali zonse monga anzake a pakati, popeza etching imadya mosiyana pamene pali poyera. Kenako theka lililonse la mwendo ndinaliika mbali yake ya mzere wapakati, lina kumanzere lina kumanja pa mtunda wofanana, kuti ngati polysilicon ikunenepa pang'onopang'ono kuchoka mbali ina ya chip kupita mbali ina, chimene theka limodzi lawonjezera theka linalo lichotse.

Kumwaza zigawo chonchi kumatalikitsa mawaya, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Pofuna kupewa kudutsana kwa mawaya, miyendo iwiri ndinailumikiza pa li1, layer yapansi yolumikizira zinthu zoyandikana. DRC, yoyang'ana malamulo a fakitale, sinadandaule chifukwa palibe lamulo la fakitale limene ndinaswa, ndipo pa LVS, kufananiza layout ndi schematic, pulogalamu ya Netgen inavomereza kuti zikugwirizana. Koma nditachita extraction ya resistance ya mawaya n'kuyesanso, masitepe awiri anatuluka afupi kuposa anzawo popanda ngakhale Monte Carlo. Li1 ili ndi ma ohm oposa 12 pa sikweya iliyonse, pamene met1, layer ya metal ya pamwamba pake, ili ndi ochepera pafupifupi maulendo 100. Waya wa li1 wotalika masikweya khumi okha umawonjezera ma ohm oposa 120 pa mwendo wa 20,000, ndipo gawo lalikulu la mpata umene ndinaupeza m'mawa ndi thermometer code linathera pa kawaya kameneko. Ndinafafaniza zonsezo, ndinasamutsira mawayawo pa met1 ndi met2, ndinachulukitsa ma via, olumikiza layer ina ndi inzake, pamalo aliwonse olumikizira, ndipo ndinayesetsa kuti waya wa mwendo uliwonse ukhale wotalika mofanana ndi wa mnzake ngakhale pamene njira yachidule inalipo.

Pamene ndimamaliza kunja kunali kutada. DRC ndi LVS zadutsanso, ndipo pa corner ya tt, pamene NMOS ndi PMOS zonse zatuluka zapakatikati, masitepe onse 1,023 akukwera, palibe yotsika. Ndayambitsanso Monte Carlo pa netlist yochokera ku layout, ndipo ulendo uno ndaiuza kuti isunge INL ndi DNL zonse ziwiri pa kutentha kwa -40, 27 ndi 85 °C. Mawa ndiyamba ndi waya wa Vref: ndiyenera kuwerengera kuti ukhale wotambalala bwanji kuti voltage yotayika pa iwo, pa nambala imene imakoka current yambiri, isafike kotala la LSB, lomwe ndi 0.44 mV.