Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Njinga yopanda belu

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndili ku Moatize, nditangoyamba ntchito ya umakaniko. Lero ndilumpha zaka zambiri. Mwezi uno wa Juni zakwana zaka ziwiri alamu anga atatisiya, ndipo dzanja likukana kulemba za zina.

Foni inalira tambala woyamba asanalire. Anali chisamba wa achemwali anga. "Amalume, ababa atisiya." Anangonena zomwezo, kenako ndinamva kulira kwa amayi chapatali, foni n'kuduka. Alamu anali atagwa ku dimba masiku anayi m'mbuyomo, mbali imodzi ya thupi itafa. Ndinali nditauzidwa, koma ndinati ndipita Loweruka ndikalandira malipiro. Loweruka limenelo linandipeza ndili kumanda.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno ku Mozambique, kukucha. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa kuti ukakhota pa Mussacama kulowera ku Angónia, dziko limasintha. Kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi kumatsala m'mbuyo, galimoto imayamba kukwera zitunda, ndipo mphepo yolowa pawindo imaluma makutu. M'chipwirikiti chija ndinaiwala jekete. Ndinafika pa Ulóngwè dzuwa litapendeka ndikunjenjemera, n'kukwera njinga yamoto mpaka kumudzi kwathu, kufupi ndi phiri la Domué. Titaona masamba oyalidwa pamsewu, mnyamata wa njinga uja anazimitsa injini yekha.

Alamu anabwera pamudzi pathu mu 1984 ngati mkamwini. Ine ndinali ndi zaka 8 ndipo sindinkawafuna m'pang'ono pomwe, chifukwa mkute umene achemwali ankandisungira unayamba kupita kwa iwo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Chuma chawo chonse chinali njinga ya Humber imene anagula ndi ndalama za ganyu ya fodya ku Kasungu. Bambo athu anali atamwalira kale, motero pakhomo panali amayi, achemwali, ine ndi mlendo wofatsayo.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique tinkaimva patali mpaka kumapeto kwa Okutobala 1985, pamene ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera n'kuphedwa. Akuluakulu anati ngati apha ansembe, ife ndife yani? Tinapirirabe miyezi ingapo, tikumagona kutchire, m'mawa n'kubwerera kumunda. Mu 1986 midzi yoyandikana nafe itapsa, alamu anati basi, tiwoloke.

Usiku umenewo ndimaukumbukira bwino kuposa dzulo. Amayi anali ndi mwendo wotupa, osatha kuyenda. Achemwali anali oyembekezera, miyezi itatha. Alamu anakhazika amayi pa kaliyala, ine pa felemu, thumba la ufa pa handulo. Tisananyamuke anatenga mpeni n'kumasula belu, kuti lisalire njinga ikagunda mwala, ndipo analipereka kwa achemwali kuti alimange pansonga ya kapulana, chitenje chawo. Sanaipalase njingayo. Anaikankha usiku wonse m'tinjira ta m'minda, achemwali atagwira kaliyala kumbuyo. Ndikawodzera ankandigwira pakhosi ndi dzanja limodzi kuti ndisagwe. Kutacha tinali m'boma la Dedza, kwa abale a amayi, anthu olankhula ngati ife, ovina ngoma ngati ife, amene mzere wa azungu unangowaika mbali ina. Kenako alamu anabwereranso katatu, usiku okhaokha, kukatapa chimanga m'nkhokwe. Achemwali ankangokhala pakhomo osagona mpaka amve kukwekweresa kwa tcheni.

Tinakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri, tikulandira mgaiwa, nandolo ndi mafuta pa khadi la othawa nkhondo. Mpaka lero nandolo sindidya, ndipo akazi anga anasiya kundifunsa chifukwa chake. Nthawi imeneyo pulayimale ku Malawi inali yolipira. Yaulere inayamba mu 1994, ife titabwerera kale. Fizi yanga inkachokera pa nkhuni zimene alamu ankakagulitsa pa Dedza boma, pa njinga yomweyo. Sindinali mwana wawo. Sananenepo ngakhale kamodzi kuti ndikumbukire.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinadikira mvula ithe, n'kubwerera mu 1993. Pamudzi tinapeza mitengo ya mapichesi ndi mafuwa basi. Za kumanganso ndinalemba kale m'gawo lachisanu ndi chinayi, sindibwereza.

Chimene sindinalembepo ndi ichi. Mu 1998 achemwali atabereka mzime wawo, msana sunabwererenso m'malo. Kusenza ndowa kunakanika, kuwerama pamoto m'mawa kukuzizira kunali chilango. Kuyambira pamenepo alamu ankadzuka m'bandakucha, kumanga zigubu ziwiri za malita 20 pa njinga, kutsikira kuchitsime cha kudambo, kubwera, kukoleza moto, kutereka madzi osamba, ndiyeno n'kukadzutsa akazi awo powaitana ndi chiwongo chawo. Ana aakazi analipo, akanatha kuwatuma. Iwo ankati ana akonzekere sukulu. Ana atakula n'kupita kumaukwati, ankati ndinazolowera.

Kwathu kuno mwamuna wa Chingoni kuima pamzere wa pachitsime pakati pa amayi si nkhani yaing'ono. Pa bawo ankawaseka kuti anadya kondaine. Ndikuchita manyazi kunena kuti nanenso ndinaseka nawo. Chaka china pa Khirisimasi, nditalawa pang'ono, ndinawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Alamu, mankhwala amenewa achemwali anawagula kuti?" Anapitiriza kusenda mbatata yawo yootcha, n'kuyankha osandiyang'ana: "Mukapeza kumene amagulitsa mundigulireko ena, alamu. Awa angathe mphamvu." Anthu anaseka ine.

Pa siwa panali anthu ochuluka kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayi a mphakati anali m'nyumba ndi achemwali, kusinthanitsa nyimbo ndi kolona usiku wonse. Ife amuna tinazungulira zitsa zitatu panja, wina atandibwereka bulangeti. Ena anachokera ku Dedza, okhala ndi chiphaso anadzera pa chipata cha malire cha Calomue, ambiri anangodutsa m'minda monga mwa masiku onse. M'mbale ya chipepeso munasakanikirana mametikali ndi makwacha, moti mnyamata wolemba anatuluka thukuta m'chisanu chija powerengera. Ndinaona amayi okalamba amene sindinkawadziwa akulira mosatonthozeka. Nditafunsa anandiuza kuti kwa zaka zambiri alamu ankawasiyira chigubu chimodzi pakhomo Lachiwiri ndi Lachisanu. Pakhomo pathu palibe ankadziwa.

Monga mwini mbumba, ndinayenera kulankhula m'malo mwa akuchikazi. M'chapa muja ndinali nditalemba mawu papepala, mawu abwino ndithu, ena ndinachita kubwereka kwa akuluakulu a kuntchito. Amene analankhula ndisanaime ananena zomwe timanena tonse: kuti anapatsa ndi Mulungu, watenganso ndi Mulungu, kuti njira ndi yomweyi. Ndi zoona, ndipo nanenso ndanenapo pa maliro a anthu ena. Koma ndikayang'ana nkhope za ana asanu aja, mawuwo ankangoyenderera ngati mvula pa tsamba la nthochi. Nthawi yanga itakwana ndinaima, ndinatulutsa pepala, ndinati "Zikomo mafumu," pakhosi n'kutseka. Ndinakhala pansi. A katekisiti anayambitsa nyimbo kuti andibise.

Usiku wa tsiku loika, anthu akutali atabalalika, achemwali anandiitanitsa. Anali pamphasa atatsamira khoma, mawu atasasa.

"Iwe," anatero, popeza kwa iwo ndikadali kamwana ka pa felemu kaja, "zaka 25 sindinakolezepo moto wa m'mawa. Ngakhale pamene amaika machesi sindipadziwa."

Ndinati pepani achemwali. Ndinalibe china. Ndinakhala pambali pawo mpaka ana analowa mmodzimmodzi n'kukhala nafe. Pofuna kuthetsa bata lija, mzime anati njinga ya ababa tiitani nayo, njinga yoti ngakhale belu ilibe. Ena anamwetulira pang'ono. Zinapezeka kuti moyo wawo wonse ankaganiza kuti bambo awo anali oumira, okana kugula belu la mametikali ochepa, n'kumangoimba likhweru akafika pa gulu la anthu.

Pamenepo ndi pamene pakhosi panatseguka. Ndinawafotokozera za usiku wa 1986, zonse, kuyambira mpeni mpaka dzanja lija pakhosi panga. Ndinaloza chisamba n'kumuuza kuti iwenso unalipo, unali m'mimba, unabadwa patangotha milungu itatu tsidya lija. Ndinawauza za maulendo atatu a chimanga, za nkhuni, za fizi. Palibe chimene ankadziwapo. Bambo awo sankakamba za nkhondo, ndipo ife otsala tinkaona ngati kukamba n'kuitana. Achemwali anamvetsera atatseka maso, kenako anatuma mdzukulu kuti akoke sutikesi ya chitsulo pansi pa bedi. Pakona, m'kansalu, munali belu lija, ladzimbiri. Anati titabwerera kumudzi anawapatsa kuti alibwezeretse, koma alamu anati lisungeni, mwina tidzafunanso kuyenda mwakachetechete. Linayenda m'manja mwa ana onse asanu. Chisamba anayesa kuliliza, linangoti khwe. Analira ndithu usiku umenewo, koma kunali kulira kwina, kofunsa mafunso pakati. Tinagona nkhuku zikutsika.

Tsiku lometa ndinapita nditakonzekera mkangano. Ndaonapo akuchimuna akukokolola ngolo, ng'ombe, malata ndi mapoto omwe, namfedwa n'kutsala ndi mphasa. Ndinali nditawerengera kale zoyankha. Mkulu wawo wa alamu, nkhalamba yochokera ku Tsangano, anangoti ng'ombe ziwiri, ngolo ndi mbatata ya kachewere imene ili m'dimba n'za mayiyu ndi ana ake, iye akupempha jekete la mng'ono wake basi, poti kwawo kumazizira kuposa kuno. Mfuti zanga zonse zinagwera m'madzi. Tinagwirizana kuti mzime abwere kudzakhala ndi amake mpaka tidzamange chiliza, a mphakati athandize kukumba mbatata, ine ndizitumiza ya feteleza pa M-Pesa.

M'mawa woti ndibwerera ku Moatize ndinadzuka kukadali mdima. Njinga inali pa khonde. Pa Humber ya 1984 panangotsala felemu, imene ndinaiwotcherera ndekha kawiri. Zina zonse zinasinthidwa kangapo. Ndinamanga zigubu ndi malamba a chubu monga ndinkawaonera. Kupita kunali kosavuta, n'kotsetsereka. Amayi a pachitsime atandiona anasiya kucheza, mmodzi n'kundilozera kutsogolo kwa mzere, kuti eni njingayi sitinkawadikiritsa.

Pobwera ndiye kunali ntchito. Munthu wa zaka 47, wa mimba ya m'tauni, wozolowera chiwongolero, ndi malita 40 kumbuyo. Alamu ankakwera chitunda chija akupalasa, ali ndi zaka 61. Ine ndinayesa. Pa ngodya ya dimba la kabichi gudumu lakutsogolo linanyamuka, ndinakagwera m'ngalande, chigubu china chitsekerero n'kuthawa. Mtunda wotsalawo ndinachita kukankha.

Ndinafika dzuwa litatuluka, matope mpaka m'khutu, ndi chigubu chimodzi ndi theka. M'khitchini munkatuluka utsi. Achemwali anali ataima pakhomo, atafunda kapulana kumutu. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi, anagwira pakamwa, ndipo anaseka, koyamba chifikireni ine. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ikutsika, mzime n'kutuluka kudzaona chachitika n'chiyani.

"Machesi ndawapeza," anatero atapuma. "Anali pamwamba pa chitseko, m'kachitini. Bwera nawo madziwo, usambe ndiwe woyamba. Chapa ingakusiye."