Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Amayi Ankaganiza Kuti Ndikuphunzira Ukalipentala

Sabata yatha ndinasiyira pa ntchito yausiku ija, yosamalira agogo aamuna amene ankandiitana dzina la mwana wawo womwalira. Lero tilowe m'kalasi.

Ndinafika ku Los Angeles mu 2015, green card ya lotale ili m'thumba, koma sukulu sindinayambe pompo. Amalume amene ndinkagona pa sofa yawo, amene kunena zoona si amalume a magazi koma a kumpingo kwathu ku Ntcheu, anandikhazika pansi nati: "Mphwanga, usathamange. Ukalembetsa lero akulipiritsa ngati mlendo. Dikira chikwane chaka ndi tsiku limodzi." Ankanena zoona. Munthu amene wakhala ku California chaka chathunthu amalipira madola 46 pa yuniti iliyonse (muyeso wa kukula kwa kalasi) ku community college, pamene wobwera kumene amalipira kangapo kuposa pamenepo. Ndipo wopeza zochepa ngati ine amatha kukhululukidwa ngakhale madola 46 omwewo. Choncho ndinadikira, ndikusintha matewera usiku ndi kugona masana, mpaka Ogasiti 2016.

Tsiku limene ndinalembetsa ndinaimbira amayi. Ndinawauza monyadira kuti ndayamba community college. Foni inati zii kwa kanthawi, kenaka ndinamva: "Iwe, mpaka kukwera ndege kukaphunzira ukalipentala? Bwanji sunangophunzira konkuno?"

Sindinawaseke, chifukwa kusokonezekako kunali ndi pogwira. Chaka cha 2015 chomwecho boma la kwathu linali litayamba kutsegula ma community technical college, kumene achinyamata amaphunzira kupala matabwa, kumanga, kuwotcherera ndi kusoka. Amayi anamva zimenezo pa wailesi, ndipo kwa iwo dzina linali lomwelo. Komanso ine ndemwe mawu akuti community ankandilasa penapake. Ndinaphunzira ku CDSS, sukulu yoyendera, yopanda laibulale, kumene tinkawerenga buku limodzi anthu asanu ndi awiri. Anzathu a ku sukulu zogonera komweko ankatiyang'ana ngati otsalira. Pa MSCE ndinapeza mapointi 19, ndinayang'ana dzina langa pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku Chanco maulendo atatu, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osalipeza. Ndiye kuwoloka nyanja n'kukapezekanso pa sukulu ya community, mumtima ndinkati basi, ine ndinalembedwa kukhala wa mzere wachiwiri.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku California mzere wachiwiriwo uli ndi khomo lake lolowera ku mzere woyamba, ndipo khomolo linaikidwa dala. Mu 1960 analemba dongosolo la maphunziro apamwamba logawa sukulu za boma patatu. University of California inapatsidwa gawo lotenga ana okhoza kwambiri, mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse omaliza sekondale. Makoleji a boma amene lero ndi California State University anapatsidwa mmodzi mwa atatu. Ma community college, amene lero alipo oposa 110, anauzidwa kuti alandire aliyense wofuna kuphunzira. Koma anawonjezera kuti amene wachita bwino zaka ziwiri zoyamba ku community college azitha kusamukira ku yunivesite n'kukamaliza zaka ziwiri zotsalazo. Mpaka pano University of California imayesetsa kuti pa ophunzira awiri alionse a ku California olowa chaka choyamba, pazikhalanso mmodzi wosamuka. Digiri imene amalandira wosamukayo siisiyana ndi ya mnzake ngakhale chilembo chimodzi.

Ndipo wosamukira m'chaka chachitatu amayesedwa ndi zimene wachita ku koleji. Palibe amene anandiuza kuti ndilembe SAT, mayeso olowera ku yunivesite. Mapointi 19 aja, amene anandigoneka ndi njala ya mtima zaka zisanu, kuno analibe mawu. Ndikaganiza za anzanga a ku CDSS amene anali anzeru kundiposa, amene tsiku limodzi la mayeso linawatsekera khomo mpaka kalekale, chinthu chimenechi chimandiwawabe.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Poyamba anatilembetsa mayeso oona pamene tili. Chingerezi ndinakhoza, koma masamu ndinali nditawasiya kalekale, ndipo ndinalemba nditangochoka ku ntchito, maso ali psuu. Anandiika makalasi awiri pansi pa masamu amene yunivesite imawerengera. Chaka chathunthu ndinkaphunzira algebra wa Fomu 3, wosawonjezera kanthu pa mayuniti 60 ofunika kuti munthu asamuke. Mu 2017 California inakhazikitsa lamulo lotchedwa AB 705 lochepetsa mchitidwe wotsekera ophunzira m'makalasi obwereza ngati amenewa, koma pamene linkayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2019, ine ndinali nditadutsa kale m'matopemo.

Chachiwiri ndi chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimaluma mano. Ndinali nditatsimikiza kuti ndikufuna economics. Ndinapita kwa mlangizi wina wa pa koleji pathu, munthu wotopa, panja pali mzere wa ophunzira mpaka pa masitepe. Anayang'ana pepala langa mphindi zosakwana khumi nandiuza kuti nditenge calculus ya ophunzira zamalonda. Ndinaitenga, ndinaimenya, ndinapeza A. Ndinkayenda ngati tambala.

Amene anandiphwetsa ndi mnzanga wina wa ku El Salvador, mayi wa ana awiri, amene tinkagawana naye khofi m'laibulale. Nditamuuza kuti maso anga ali ku UCLA, University of California ya ku Los Angeles, anandifunsa kuti calculus yanga ndi iti. Nditatchula, anangokoka laputopu yake n'kutsegula ASSIST. Abale, ngati muli ndi mwana kapena m'bale pa community college ya ku California, muuzeni dzina limeneli lero, asadikire mawa. Ndi tsamba la boma limene umasankha koleji yako, yunivesite imene ukufuna ndi maphunziro amene ukufuna, ndiye limakuonetsa kalasi ndi kalasi, kuti iyi ya kuno ikufanana ndi iyo ya uko. Pa mzere wa economics ya ku UCLA panali calculus ina, ija amatenga a sayansi ndi a uinjiniya, makalasi awiri otsatizana. Yanga ija panalibe.

Ndinatuluka panja n'kukakhala pa benchi. Miyezi inayi ya kuwerenga m'basi, ya kulemba homuweki pa tebulo la kukhitchini kwa agogo aja cha m'ma 3 koloko usiku, makutu ali tcheru kuti mwina aitana. A wanga uja anali wabwino, koma anali kiyi wa nyumba ina. Mlangizi uja sindimusungira chakukhosi kwenikweni. Ankaona anthu ochuluka patsiku, ndipo ine sindinatchule bwinobwino yunivesite imene ndinkafuna, chifukwa ndinkachita manyazi kutchula UCLA ndi pakamwa panga pa CDSS. Manyazi amenewo anandidyera semesita.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhala wofatsa wa kumudzi uja wodikira kuuzidwa. Ndinasindikiza mapepala a ASSIST n'kuwamata pakhoma pamwamba pa sofa, amalume n'kumadandaula za penti wawo. Ndinadziwa za IGETC, mndandanda wa makalasi a maphunziro osiyanasiyana amene nthawi imeneyo ukawamaliza ku koleji sunkawabwerezanso ku yunivesite. Ndinalowa m'makalasi a honors, ovutirapo kuposa wamba, chifukwa UCLA ili ndi mgwirizano wotchedwa TAP ndi makoleji ena, woti omaliza pulogalamu imeneyo pempho lawo liziganiziridwa mwapadera. Ndinadziwanso kuti GPA (avereji ya magiredi) ya 2.4 imene imalembedwa kuti ndiyo yochepetsetsa kwa okhala ku California ndi ya papepala chabe. Ku Berkeley ndi ku UCLA, makamaka pa maphunziro olimbiranidwa ngati economics, ukafika ndi imeneyo uli ngati wopita ku msika wa ng'ombe ndi ndalama ya nkhuku.

Zaka ziwiri zinasanduka zitatu. Basi nambala 720 yoyenda mu Wilshire inkandidutsitsa pa Westwood popita ku ntchito, ndipo ndinkaona ana ovala majuzi abuluu olembedwa UCLA akukwera ndi kutsika. Sindinatsikepo ngakhale kamodzi kukaona sukuluyo. Ndinkaopa kuitsirika ndi maso.

Mu Sepitembala 2018 ndinadzaza TAG. Imeneyi ndi pangano: ukakwaniritsa makalasi ndi magiredi amene afuna, malo ako ndi otsimikizika. Masukulu asanu ndi imodzi a University of California ndi amene amapereka, a ku Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz, ndipo umaloledwa kusankha imodzi yokha. Berkeley, UCLA ndi San Diego salonjeza munthu. Ndinasankha Davis, sukulu yodziwika pa zaulimi, poganiza kuti mwana wa mlimi wa mbatata sangasochere kumeneko. Pangano limenelo ndi limene linandipatsa tulo.

Pempho lenileni linkatsekedwa pa 30 Novembala. Sukulu iliyonse inali madola 70, koma osauka ankakhululukidwa pa masukulu anayi, ndiye ndinalemba anayi ndendende. Chovuta chinali zimangirizo zinayi, chilichonse chosapitirira mawu 350. Chimodzi chinali chokakamiza, chofunsa mmene wakonzekerera maphunziro amene wasankha.

Choyamba chimene ndinalemba chinali cha misozi. Nsapato zong'ambika, phala lopanda shuga, nyali ya palafini. Zonse zinali zoona, koma nditawerenga mokweza ndinamva ngati ndikugulitsa amayi anga. Munali Africa ya pa TV, mulibe ine. Ndinaching'amba.

Ndinalemba china, cha msika wa Lizulu. Ndinafotokoza mmene ndinkasungira kope la amayi la malonda a mbatata ya kachewere pa msewu wa M1, pamene mbali ina ya msewu ndi Malawi, ina ndi Mozambique. Mmene mtengo wa ndowa unkagwera nthawi yokolola aliyense akabweretsa tsiku limodzi, ndi mmene amalori ochokera ku Blantyre ankadikirira dala mpaka dzuwa litapendeka, podziwa kuti mayi sangabwerere ndi katundu kunyumba. Mmene mu Meyi 2012 kwacha inagwera tsiku limodzi kuchoka pafupifupi K170 kufika K250 pa dola, feteleza n'kukwera, koma mbatata osakwera nawo msanga. Ndinalemba kuti mafunso amene ndinkawaona m'kope lija ndinadzawapezera mayina m'kalasi ya microeconomics, ndipo ndikufuna kuphunzira mpaka ndidziwe chifukwa chake amene amalima ndi amene amatsala m'mbuyo mitengo ikamasintha. Mnzanga wa ku El Salvador uja atawerenga anati msika wa kwawo ndi womwewo, kungosintha mbatata kuika chimanga.

Mu Januwale ndinatumiza magiredi a semesita yomwe inali itangotha, kuphatikizapo calculus yachiwiri, yoyenerayo, imene ndinapeza B wothukutira. Kenaka kudikira. Davis inayankha monga inalonjezera. Berkeley inakana, mwaulemu, m'ndime ziwiri.

UCLA inayankha chakumapeto kwa Epulo, madzulo. Ndinali nditangofika ku ntchito, ndikuphwanya mapiritsi a agogo aja kuti ndisakanize ndi phala la maapozi, foni n'kunjenjemera. Anali mnzanga uja: "Zatuluka, tsegula." Ndinamaliza kaye kudyetsa agogo, kuwapukuta pakamwa, kuwakweza miyendo pa pilo. Kenaka ndinalowa m'bafa n'kudzitsekera. Pasiwedi ndinailakwitsa kawiri. Nditaona liwu loyamba lija la chisangalalo sindinawerengenso zotsatira, ndinangokhala pansi pa matailosi ozizira. Agogo anaitana dzina la mwana wawo, ndinayankha kuti ndikubwera, bambo.

Kwathu nthawi imakhala patsogolo ndi maola 9 m'miyezi imeneyo, ndiye ndinadikira mpaka 9 koloko usiku kuti ku Ntcheu kuche. Amayi anayankha ali pa moto, ndinkamva nkhuni zikuthetheka.

"Amayi, anditenga ku yunivesite. Yaikulu."

"Zikomo Ambuye. Ndiye zaka zitatu zija zapita pachabe? Ukayambanso poyambirira?"

"Ayi amayi, ndikalowa chaka chachitatu. Zija ankaziwerengera."

"Kulowera pakati? Ngati kukwera minibasi pa Lizulu, anzako atakhala kale kuchokera ku Lilongwe?"

"Eya, choncho."

"Ndiye ukakhala pa mpando kapena pa injini?"

Ndinawauza kuti tikaona komweko. Mawa lake, potuluka ku ntchito, ndinatsika 720 pa Westwood kwa nthawi yoyamba, ndikununkha mankhwala, n'kuyenda wapansi mpaka pa masitepe aatali opita ku Royce Hall, nyumba yotchuka ya pa UCLA. Kalata yovomera malo inkafunika pofika pa 1 Juni. Ine ndinaitumiza nditakhala pa masitepe omwewo.

Za mpando ndi injini, ndi mmene kota, teremu ya masabata 10, inandigwetsera pansi mwezi woyamba, tikambirana Lachisanu likudzali.