Mbiri ya moyo wanga, gawo lachinayi: ku koleji ya ofukula zakale

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene kalata ya ku koleji inafika. Anali atanditenga kuti ndikachite dipuloma ya ntchito yothandiza akatswiri ofukula zinthu zakale. Bambo ataiwerenga anaipinda bwinobwino n'kundifunsa kuti, "Ndiye mwana wanga, kukumba dzenje nakonso kumafuna sukulu?" Amalume iwo anasangalala kwambiri, koma pa chifukwa china. Ankaganiza kuti ndikupita kukaphunzira kusaka golide, ndipo anandiuza kuti ndikamupeza ndisawaiwale. Azakhali anali atamva za mafupa a zinyama zikuluzikulu zimene zinatha kalekale, moti ankauza aliyense kuti ndizikakumba zimenezo. Onsewa sanalondole. Za mafupa a madinosa ndi maphunziro ena. Athuwa ndi ofufuza za anthu: zimene anapanga, anagwiritsa ntchito, anaswa n'kutaya.

Sabata yoyamba anatiuza mosabisa malo athu. Pa ntchito yofukula pamakhala katswiri wamkulu, kawirikawiri wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, amene amasankha pokumba, amatenga chilolezo ku boma, ndipo pamapeto amalemba lipoti. Pansi pake pali kapitawo. Pansi pa kapitawo ndiye pali ife, amene timayenda m'tchire maso ali pansi, kupala dothi, kusefa, kuyeza, kujambula, kutsuka ndi kulemba manambala. Anatiuzanso kumene ntchito zimachokera, ndipo si kumene ambirife tinkaganiza. Ku mayunivesite ndi ku nyumba zosungirako zinthu zakale malo ndi ochepa. Ntchito zambiri zimabwera chifukwa cha misewu, madamu, migodi ndi mapaipi. M'mayiko ambiri lamulo limafuna kuti makatapila asanafike, malowo ayambe aonedwa ngati pansi pake pali zakale. Ku America lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo ku England ndondomeko ya mu 1990 ndi imene inachititsa kuti womanga azilipira yekha ntchito yofufuzayi. Kuchokera pamenepo panabadwa makampani amene ntchito yawo ndi imeneyi basi, ndipo ndi amene amalemba anthu ngati ine.

Amene ankatiphunzitsa za dothi anali mayi achikulire, olankhula motsitsa mawu, amene sankapupuluma ngakhale belu litalira. Anayamba ndi mfundo ya wasayansi Nicolas Steno ya mu 1669, yakuti pamene dothi lagona mosanjikizana popanda kusokonezedwa, lapansi ndi lakale kuposa lapamwamba. Zili ngati zovala m'dengu: imene munaponyamo poyamba mudzaipeza pansi. Tinaona ngati n'zosavuta mpaka pamene anayamba kutionetsa zimene zimasokoneza. Munthu wakale akakumba dzenje la zinyalala, amatulutsa dothi lapansi n'kuliika pamwamba, ndipo m'dzenjemo mumagwera zinthu za nthawi yake mpaka kufika pakuya pa zinthu za agogo ake. Chiswe chimasuntha dothi. Mfuko imatsitsa mkanda wa dzana kukauika pamodzi ndi mwala wosemedwa zaka masauzande zapitazo. Mizu ya mitengo nayo ili ndi zake. Choncho kuya kokha sikunena msinkhu wa chinthu. Wokumba ayenera kuona kuti dothi ili ladula lija, ili lagona pa lija, ndipo ayenera kuziona pamene akukumba, chifukwa akangochotsa basi zatha.

Pofuna kuti timvetse, mayiwa anatifotokozera za Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa makoma amiyala ku Zimbabwe. Pakati pa 1902 ndi 1904, Richard Hall, amene anali mtolankhani, anapatsidwa udindo woyang'anira malowo. Iye ankakhulupirira kuti makoma amiyala aja anamangidwa ndi alendo ochokera kutali, choncho dothi limene munali mapale ndi zinthu za eni dziko analiona ngati zinyalala zophimba zenizeni, n'kulichotsa lambirimbiri osalemba mwadongosolo. Akatswiri ofukula zakale, David Randall-MacIver atafika mu 1905, ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anakumba mosamala m'malo amene anatsala n'kusonyeza kuti omanga anali anthu a mu Africa momwemo. Koma zimene Hall anataya palibe anazibweza. Aphunzitsi anatseka buku n'kunena kuti, "Wasayansi wina akakayikira zotsatira zake amabwereza. Inu simudzabwereza. Dzenje limakumbidwa kamodzi." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona chifukwa chake theka la maphunziro athu linali la pensulo ndi pepala.

Kuseri kwa makalasi kunali bwalo limene koleji inakwiriramo dala mapale, makala, misomali ndi mafupa a ziweto kuti tiziphunzirirapo. Chinthu choyamba chinali kutchera bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndi misomali inayi ndi chingwe. Ukayeza mbali zinayi zokha, bokosi limatha kupendekeka osadziwa, ndiye umayeza kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasa, ndipo tepi iyenera kuwerenga mamita 1.414. Pa bwalo lalikulu timawongola kona poyeza mamita 3 mbali imodzi, 4 mbali ina ndi 5 mopingasa, monga amachitira amisiri omanga. Ine amene masamu ndinkawathawa ku sekondale ndinakumana nawonso kumeneko atandidikirira. Panabweranso levulo ya pa miyendo itatu, yoyezera kuya kwa chinthu chilichonse kuchokera pa chikhomo chimodzi chosasuntha, kenako makina otchedwa total station, amene amapereka malo enieni a chinthu n'kuwasunga okha.

Chida chenicheni cha ntchitoyi ndi kampeni konga ka omanga nyumba koma kakang'ono, kosongoka. Sitibaya nako pansi. Timapala ndi m'mbali mwake, kukokera kwa iwe mwini, ukubwerera chambuyo kuti usaponde pamene wayeretsa kale. Ukaona phale latulukira, mtima umafuna kulizula. Saloleza. Umapala mozungulira mpaka lonse lionekere pamene lagona, ulijambule, uliyeze, kenako ulinyamule. Bambo amene ankatiyang'anira pa bwaloli, amene anagwira ntchito ya m'tchire zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa, ankakonda kuima kumbuyo kwa munthu osalankhula. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mwamva kusintha?" Ndinati, "Kusintha kwa chiyani, aphunzitsi?" Anati, "Palaninso, mumvetsere." Ndinapala, ndipo zoonadi kampeni kanali katasiya kulira mokhakhala, kakuyenda mofewa. Maso anali asanaone kanthu, koma dothi linali litasintha, ndipo pamenepo panali pakamwa pa dzenje lakale. Anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kupita kwa wina. Luso limeneli m'buku mulibe, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndi limene limasiyanitsa wokumba wabwino ndi wongotulutsa dothi.

Za mtundu wa dothi zinatiseketsa poyamba. Mnzanga wina analemba pa fomu kuti dothi ndi lofiirira. Aphunzitsi anatifunsa tonse mmodzimmodzi, ndipo wina anati lakuda, wina lotuwa, wina lofiira. Apa ndi pamene anatulutsa kabuku ka Munsell, kamene kali ndi timabokosi ta mitundu ndi timabowo pambali pake. Umanyowetsa kadothi pang'ono, n'kukaika kuseri kwa bowo, n'kufananiza mpaka upeze kofanana nako, ndiye umalemba nambala yake, monga 10YR 3/2. Munthu wa dziko lina amene sanafikepo pamalowo akatsegula kabuku kake pa nambala yomweyo amaona chimene unaona. Kenako umafikisa dothilo pakati pa zala kuti udziwe ngati ndi mchenga kapena dongo. Gawo lililonse la dothi limalandira nambala ndi fomu yakeyake. Pamwamba pake timajambula pa sikelo ya 1:20, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ikuimira masentimita 20 pansi, khoma la dzenje pa 1:10, ndi pensulo yolimba chifukwa inki imasungunuka ndi mvula. Pamapeto manambala onse amalumikizidwa pa chithunzi cha timabokosi chimene Edward Harris anayambitsa mu 1973, chosonyeza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Ambiri m'kalasi ankadana nacho. Ine ndinachikonda, chifukwa chimagwira bodza msanga: ngati mafomu akunena kuti 12 ali pamwamba pa 15 komanso 15 ali pamwamba pa 12, ndiye kuti wina sanayang'ane bwino.

Zosefa sindichulutsa. Dothi lonse limadutsa pa sefa wa mabowo a mamilimita pafupifupi 6, kapena ocheperapo ngati mukusaka mikanda ndi timafupa ta nsomba. Fumbi limalowa m'mphuno, m'makutu, paliponse, ndipo msana umadandaula.

Makala ndiwo anandidabwitsa. Chinthu chimene aliyense amachiponda osachiona chikhoza kukhala chamtengo kuposa mphika wathunthu, chifukwa ndi chimene chimanena zaka. Chamoyo chilichonse chimatenga carbon-14, mtundu wa kaboni umene umatha pang'onopang'ono, ndipo chikafa chimasiya kutenga. Pakatha zaka 5,730 theka lake limakhala litatha, pakathanso zina zotero theka la lotsalalo, mpaka pa zaka pafupifupi 50,000 pamene wotsalayo amachepa kwambiri moti sayezeka bwino. Njirayi anaitulukira Willard Libby kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1960. Poti njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1950, zaka za mtunduwu amaziwerenga chobwerera kuchokera mu 1950. Koma makina a ku labotale sadziwa kumene khala linachokera. Amangoyeza chimene walandira. Ngati wotola analitenga m'una wa mfuko, kapena ndi muzu umene unapsa chaka chatha, nambala idzatuluka yooneka bwino koma yonama, ndipo katswiri adzalemba mbiri yolakwika ndi mtima wonse. Choncho anatiphunzitsa kutola ndi kampeni koyera, kukulunga m'pepala la aluminiyamu, osasuta fodya pafupi, ndi kulemba nthawi yomweyo nambala ya malo, ya bokosi, ya gawo la dothi, kuya, tsiku ndi zilembo za dzina lako. Chizindikiro chimodzi m'kati mwa thumba, china kunja.

Ku labotale kunali ntchito yambiri kuposa ku bwalo, ndipo ambiri sadziwa zimenezi akamalowa. Mapale timatsuka ndi kabulashi kofewa, koma chitsulo ndi makala sizikhudza madzi, ndipo phale limene lili ndi zopserera m'kati silitsukidwa chifukwa zopsererazo zikhoza kunena chimene chinaphikidwamo. Tinaphunzira kuzindikira mwala umene munthu anaswa dala poona kachotupa kamene kamatsala pamene anamenya, kusiyanitsa fupa ndi mtengo, ndi kuyeza kukula kwa mphika kuchokera pa kachidutswa ka mlomo wake. Tinaphunzira kuviika dothi m'madzi kuti njere zopserera ziyandame, njira imene imasonyeza mbewu zimene anthu ankalima. Madzulo tinkakhala pa kompyuta, kulowetsa manambala ndi kujambula mapu pa pulogalamu yotchedwa QGIS. Panalinso phunziro la chitetezo, lakuti dzenje likazama makoma ake amatha kukugwera, ndi lamulo limene ankalibwereza kosalekeza: ukaona fupa limene ukuganiza kuti ndi la munthu, siya, phimba, itana kapitawo. Pamenepo pamalowa apolisi, boma ndi eni malo, ndipo si iwe wosankha.

M'chaka chomaliza ndinayamba kuwerenga za anthu amene anagwira ntchito ngati yathu, ndipo dzina limene linandikhalira ndi la Kamoya Kimeu wa ku Kenya. Sanapite ku yunivesite. Anayamba ngati wantchito wamba wa banja la Leakey, akatswiri ofufuza mafupa a anthu akale, koma mu 1984 ku Nariokotome, kumadzulo kwa nyanja ya Turkana, ndi iye amene anaona kachidutswa ka chigaza pakati pa miyala yofanana nako mtundu. Atakumba anapeza mafupa pafupifupi athunthu a mnyamata amene anakhalako zaka zoposa 1.5 miliyoni zapitazo. Iye mwayi unamugwera, dzina lake linadziwika asanamwalire mu 2022. Anzake ambirimbiri mayina awo anathera pa mzere umodzi wothokoza kumapeto kwa lipoti, ena ngakhale pamenepo palibe. Ndinafunsa bambo a ku bwalo aja ngati zimenezi sizinkawawawa. Anaseka n'kunena kuti, "Zinkandiwawa, mwanawe. Koma tsegulani mabokosi a m'chipinda chosungiramo, muona zilembo za dzina langa pa matumba. Amene adzafune kudziwa zoona adzayambira pamenepo."

Chimene ndimaidandaula kolejiyo ndi chimodzi. Inatiphunzitsa bwino za dothi koma za moyo wa ntchitoyi inangodutsapo. Sanatiuze momveka kuti ntchito zambiri zoyambira ndi za kontrakiti ya milungu kapena miyezi yochepa, kuti msewu ukatha nawenso watha, kuti nyengo ya mvula mafoni amasiya kulira, ndi kuti laisensi yoyendetsera galimoto imatha kukupezetsa ntchito msanga kuposa magiredi. Sanatiuzenso kuti kukwera kufika pa ukapitawo, m'malo ambiri, kumafuna digiri. Zimenezi tinazimva kwa amene anatitsogolera, pamene ankabwera kudzabwereka zida. Ena m'kalasi mwathu atamva anasintha maphunziro, wina anapita ku zoyeza malo, wina ku zamapu, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ine ndinatsala. Mayeso otsiriza anali a m'manja: kutchera bokosi, kupala gawo limodzi, kudzaza fomu, kujambula khoma, woyesa ataima pambali ndi wotchi. Nditakhoza, koleji inanditumiza pamodzi ndi anzanga ena ku kampani imene inkafufuza malo amene pankayenera kudutsa msewu watsopano. Kumeneko ndinapeza kuti kapitawo amafuna maenje oyesera ambiri pa tsiku kuposa amene tinkakumba pa sabata ku koleji, makatapila akulira kumbuyo kwathu. Nkhani imeneyo ndi ya gawo lachisanu.