Botolo linali lodzadzabe

Sabata yathayi ndinali ku Ntcheu, kumtunda uko mbali ya kumalire. Anandituma kuti ndikaone mmene kabungwe kena ka mpingo kakugwirira ntchito yosamalira odwala matenda osachiritsika, ija ife anamwino timangoti paliyetivu. Amene amawapatsa ndalama amafuna adziwe ngati apitirize chaka chamawa, nde anati papite namwino wakwina osati wa pomwepo, basi maere n'kugwera ine. Dzina la bungwelo sinditchula, ndi anthu oti tidzakumanabe pamaliro ndi kuma wekishopu.

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lolemba m'mamawa, Julaye ameneyu kuzizira kwake musanene, kungodutsa pa Dedza nkhungu inali itatseka msewu mpaka pa Lizulu, azimayi a kachewere ndi kabichi ali mbuu kufunda zitenje mpaka kumutu. Kufika ku ofesi kwawo ndinapeza akundidikira, pansi akolopa, tiyi ndi mandasi zili pa tebulo, pakhoma amata matchati atsopano ndipo kabuku ka ndondomeko ya boma ya paliyetivu ka 2014 kaja anakaika poonekera penipeni ngati keke ya ukwati. Fomu yomwe anandipatsa eni ndalama inali ya mapeji anayi. Kaundula wa odwala alipo? Alipo. Kabati yokhoma ya mankhwala? Ilipo, maloko awiri. Ogwira ntchito anaphunzitsidwa? Awiri ali ndi masatifiketi, anandionetsa ali m'mafulemu. Pofika 12 koloko ndinali nditachonga pafupifupi zonse, ndikanabwerera tsiku lomwelo bwenzi atakhoza ndi mamalikisi apamwamba. Chomwe ndinadandaula nacho chinali chimodzi basi, makope a mavolontiya, makamaka la mayi wina wachikulire lomwe linalibe madeti, zolemba zake zopingasa ngati padutsa nkhuku. Ndinalemba pambali kuti ameneyu akufunika maphunziro. Muikumbukire mfundo imeneyi, inandichititsa manyazi Lachitatu.

Vuto la mafomu amenewa n'loti amene anawalemba m'mutu mwawo muli nyumba ya mabedi, ngati St Christopher's ija anatsegula Cicely Saunders ku London mu 1967, yoti ukalowa odwala onse uwaona pamodzi. Kwathu kuno wodwala wotere ali kumudzi pamphasa, amene akumusamalira ndi mwana wake wamkazi kapena mng'ono wake, nde ofesi ikhoza kuwala bwanji koma ntchito yeniyeni ili kutali, koyenda pa kabaza.

Lachiwiri ndinati titsegule kabati ija. Rejisitala ya mofini, mankhwala amphamvu aja oletsa ululu, inali yaukhondo kwabasi, zolowa, zotuluka, siginecha ziwiri pa mzere uliwonse, nditayeza zotsala m'mabotolo zinagwirizana ndendende. Koma ukhondo umenewo ndi umene unandidabwitsa. Mu kaundula muli odwala 58, ambiri khansa ya khomo la chiberekero, ena ya pammero, ena Kaposi, khansa ya pakhungu ija, matenda oti aliyense amene wagwirapo ntchito mu wodi akudziwa mmene amapwetekera, koma pa miyezi itatu amene analandira mofini ndi anthu anayi okha. Mabotolo awiri atsala pang'ono kutha mphamvu ali chitsekere. Ena onsewo panado ndi bufeni, panado ndi bufeni, mwezi ndi mwezi.

Ndinawafunsa a kilinishani awo, mnyamata waulemu wake, anayamba waseka kaye kenako akuti, "Asisita, kuno anthu amati amenewa ndi mankhwala omalizitsa. Mukampatsa munthu lero n'kumwalira mkuja, pamaliro amaloza ine. Komanso rejisitala ikangosemphana ndi ma mililita asanu okha, wopita kukayankha ndine." Sindinamudzudzule, mantha amenewa inenso ndinali nawo kale. Koma taonani mmene zimazungulira: timaopa, timadikira mpaka munthu watsala masiku awiri, pamenepo m'pamene timatsegula botolo, akamwalira mudzi wonse umati mwaona mankhwala aja, ife n'kuopanso kuposa kale. Chonsecho makwerero a mankhwala a ululu a bungwe la zaumoyo la WHO aja anatuluka kale mu 1986, ali pakhoma pawo pomwepo: kuyamba ndi panado, akakanika kukwera, ululu ukakula mofini, wakumwa, pa nthawi yake osati kudikira munthu alire kaye. Ku Uganda Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa mu 1993 ndi mofini wamadzi yemweyu, wotchipa, woti gadiyani amatha kupereka yekha kunyumba. Ine mantha anandithera nditapita ku Ndi Moyo, malo a paliyetivu a ku Salima, komwe anayambitsa mayi Lucy Finch, nditaona ndi maso anga munthu woti akumwa mofini miyezi ndi miyezi akubwera yekha kudzatenga botolo lina, akucheza bwinobwino.

Usiku wa tsiku lomwelo ndili ku resiti hausi, cha m'ma 11, ndinaimba nambala ija amapatsa magadiyani kuti aziimba zikavuta. Sikupezeka. Ndinayesanso 5 koloko m'mawa, chimodzimodzi. Ndinadzamva kuti foniyo imagona mu dirowa ku ofesi.

Lachitatu anali atandikonzera kale makomo atatu apafupi ndi msewu, ine ndinati pepani, nditsegula ndekha kaundula ndiloze. Nkhope zinasintha pang'ono. Njinga yamoto yawo akuti tayala linatha mwezi wa Meyi, nde tinakwera kabaza, ndipo dera lomwe ndinaloza linapezeka kuti ndi la mayi wa kope lopingasa uja.

Khomo loyamba linali la mayi wa zaka za m'ma 40, khansa ya khomo la chiberekero, ali chigonere miyezi inayi. Gadiyani ndi mwana wawo wamkazi, anasiyira Fomu 2 chifukwa cha matendawa. Tinaodira, anatiyalira mpando koma volontiya uja sanakhalepo, anangolowa n'kukhala pansi pafupi ndi mutu wa wodwala, "Mwadzuka bwanji achemwali, lero ndabwera ndi alendo, musachite manyazi ndi anesi awa." Anapempha madzi m'beseni, anasamba m'manja, n'kumuuza mtsikana uja kuti tiye tiwatembenuze. Ine maso anga anali pamsana, m'chiuno ndi kuzidendene, chifukwa munthu wogona miyezi inayi pamphasa malo amenewa ndi amene amaulula zonse. Olo chilonda chimodzi. Khungu lili bwinobwino, lopakidwa mafuta, pansi anayala pepala la pulasitiki n'kuphimba ndi zitenje ziwiri zochapa, pakati pa mawondo kansalu kopindapinda. M'nyumbamo fungo lija timalidziwa linalipo koma lapatali, mtsikanayo anandionetsa mmene amaperera mapiritsi a fulajilo ndi supuni kuti achepetse fungolo, akuti anawaphunzitsa ndi mayi omwewa. Ndagwira ntchito m'mawodi momwe muli anamwino a madigiri koma misana ya odwala ili mabala okhaokha. Ndinakumbuka zomwe ndinalemba Lolemba zija, ndinangoti zii.

Kenako ndinafunsa za ululu. Timaonetsa dzanja, chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zonse zisanu ndiye kuti wafika posapiririka. Mayiwo anandiyang'ana, n'kuyang'ana volontiya, akuti, "Ndiliko bwino amayi, zikomo mwatiyendera." Anthu athu pamaso pa mlendo sadandaula, ukangolemba yankho limeneli wanama ndiwe. Nde ndinamutengera mtsikana uja kuseri kwa khitchini. Iwe, amayi usiku amagona? Anayang'ana pansi kanthawi, kenako akuti amaluma chitenje kuti ana asamve.

Mayiwa anali mmodzi mwa anayi aja olandira mofini, mu rejisitala zonse zili bwino. Ndinati tabweretsa botolo. Anakalitenga pamwamba pa khoma, lokulungidwa mu jumbo. Linali la 250ml, la mphamvu yochepa lija la 5mg mu 5ml, deti lake masiku 16 apitawo. Pa 5ml maola anayi aliwonse, kuphatikiza mlingo wowirikiza pogona kuti asadzuke pakati pa usiku, ndi 30ml patsiku, ndiye kuti botolo limeneli limayenera kutha pa masiku asanu ndi atatu. Linali lodzadzabe mpaka m'khosi. Akuti anamuuza kuti aziwapatsa zikafika povuta, anawapatsa masiku awiri oyamba, mayi anagona tulo koma anadzimbidwa masiku anayi, amalume atabwera anati siya zimenezo uwapha amako. Palibe anawauza kuti mofini amayenda ndi mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba, kaya bisacodyl, kaya njere za papaya zoumitsa n'kusinja, papaya woti ali pakhomo pomwepo. Volontiya uja anati iye anaona kuti botolo silikutsika koma za mankhwala anauzidwa kuti si mbali yake.

Tinatuma mwana kukaitana amalume aja, poti mwini mbumba ndi iwowo, ukawadumpha ukangochoka botolo libwerera pakhoma. Anabwera kuchokera kudimba matope ali m'miyendo, bambo wanzeru zake, osati wovuta ayi. Pocheza m'pamene zinatuluka kuti agulitsa mbuzi ziwiri kupita ndi mlongo wawo kwa sing'anga kutsidya ku Mozambique, ndipo amafuna agulitsenso yachitatu, chifukwa kuchipatala chachikulu anangowauza kuti bwererani kunyumba tidzakuitanani. Miyezi yonseyi bungweli likubwera pakhomopa koma palibe anakhala nawo pansi kuwauza kuti matendawa ndi otani ndipo afika pati. Ndinalowanso m'nyumba kufunsa mwiniwake ngati akufuna kudziwa, komanso ngati achimwene awo amve nawo. Anati, "Ndikudziwa kale amayi, thupi ndi langa. Auzeni achimwene asiye kugulitsa mbuzi, zimenezo n'za fizi ya mwanayu." Saunders uja ankanena kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha, uli ndi m'maganizo, pabanja ndi mumzimu, ife timaloweza pa mayeso, koma ine ndinakaumvetsa pa nkhani ya mbuzi.

Tinakhala pamenepo pafupifupi maola atatu. Ndinaimbira a kilinishani aja pa foni yawo, anavomera kuti tiyambirenso. Ndinamata kapulasitala pa sirinji pa mzere wa 5ml, tinaika ma alamu pa kafoni ka mabatani ka mtsikanayo, 6 m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, ndi 10 usiku kawiri. Mlingo woyamba anapereka ndi amalume eni ake, dzanja likunjenjemera.

Lachinayi ndinayenda makomo ena atatu, sindichulutsa. Agogo ena aamuna a khansa ya pammero anali bwino ndithu, akumwa mofini wawo ndi kaphala kamadzimadzi, akudandaula za mtengo wa feteleza basi. Khomo lina ndinapeza wodwalayo anamwalira mu Meyi koma mu kaundula akuoneka kuti anayenderedwa mu Juni kawiri. Ku ofesi anati anali maulendo a chipepeso, n'zoona kuyendera ofedwa ndi mbali ya ntchitoyi, koma mayi wamasiyeyo anati amene anabwera pamaliro ndi pambuyo pake ndi volontiya wa m'mudzimo yekha, wapansi, a njinga yamoto sanawaonepo. Apa nde ndinalemba momwe zilili, osakometsera.

Lachisanu kunali kukumana ndi akuluakulu. Abusa amene ali wapampando anatsegula ndi pemphero, kenako akuti tamvani asisita atipatse malikisi athu. Ndinayamba ndi misana ya odwala, ndinati pa makomo onse omwe ndayenda sindinaone chilonda cha pamphasa, ndipo mayi amene ndinawalembera Lolemba kuti akufunika maphunziro ndafufuta, iwowo ndi amene aziphunzitsa anzawo. Anaomba m'manja. Nditafika pa mabotolo, pa foni ya mu dirowa ndi pa maulendo a mu Juni aja m'chipindamo munangoti chete. Mkulu wa ofesi anati vuto ndi ndalama ya mafuta, ndipo sakunama, dera lawo ndi lalikulu, mapiri okhaokha. Koma mu bajeti yomweyo muli ndalama ya ma tisheti ndi chinsalu cha tsiku lokumbukira paliyetivu lija la Loweruka lachiwiri la Okutobala, yokwana matayala angapo. Ndinangofunsa kuti chiyambe n'chiti. Sanandiyankhe, ndipo tiyi wa tsiku limenelo analibe mandasi kkkk.

Mu ripoti ndikulemba kuti ndalama zipitirire, chifukwa akatseka, mavolontiya aja atsala okha opanda olo magolovesi. Koma ndaikamo zoti zichitike isanathe miyezi itatu: tayala ligulidwe, foni izigona ndi munthu, botolo lililonse la mofini lizituluka ndi mankhwala a m'mimba komanso nthawi zolembedwa m'Chichewa, mavolontiya aloledwe kuyang'ana botolo n'kunena, ndipo a kilinishani apite masabata awiri kumalo komwe mofini amaperekedwa tsiku ndi tsiku akaone okha, a PACAM, bungwe loona za paliyetivu m'Malawi muno, angathe kuthandiza kupeza malo. A kilinishaniwo anandiperekeza mpaka pa siteji, ali chete, pokwera minibasi m'pamene anati, "Asisita, kumeneko mukandilembere ndithu, ndipita."

Dzulo Loweruka ndikuchapa, foni inafulasha kawiri, nambala yachilendo. Kuimba, ndi mtsikana uja. Akuti amayi agona mpaka tambala masiku atatu otsatizana, dzulo lake anapempha kuti awatulutse panja aothere dzuwa, anadyako mbatata, kuchimbudzi apita. Kenako akuti wawerengera pa botolo ndi chala, likutha Lachinayi, nde lina abweretsa ndani poti njinga ija sinakonzedwe? Ndinamuuza kuti ndifunsa. Ndawalembera a kilinishani pa WhatsApp dzulo lomwelo cha m'ma 3, mpaka pano tiki ikadali imodzi.